Kambale ka m'sutikesi

Senderani kuno adzukulu anga, wina atsekeko chitseko, chiperoni chayamba kulowa. Kanthu kakuda mwakapeza m'sutikesi ya agogo anu aakazika, kokulungidwa m'chitenje pamodzi ndi makadi a ubatizo, ife tinkakatcha mbale. Zazikulu zinali zimbale, koma aka ndi ka 45: nyimbo imodzi pamwamba, mukatembenuza ina kuseri, basi. Makina oimbira tinkawatcha gumbagumba. Tatchulani dzinalo pang'onopang'ono, mumva kuti likuvina lokha.

Ine ndinakulira ku Sunnyside, m'kanyumba ka antchito kuseri kwa mpanda, chifukwa bambo anga ankaphikira mzungu wina kumeneko. Misewu inali ya zii, yamithunzi, ndipo mwezi wa Okutobala maluwa a jakaranda ankayala pansi ngati mphasa, ife n'kumawaponda ndi mapazi opanda nsapato popita kutchalitchi ku CI. Bwana akanyamuka Lachisanu kupita kunyanja, galaja inkatsala yopanda galimoto, pansi pali banga lakuda la oyilo, fungo la petulo ndi matayala akale lili guu. M'menemo ndi momwe achimwene anga aakulu ankasonkhanira ndi anzawo ochokera ku Manase, ku Zingwangwa, wina mpaka ku Ndirande, wapansi, ng'oma ili pamutu.

Zida zawo ndikuziona ngati dzulo. Gitala yeniyeni inali imodzi yokha, imene amalume anabwera nayo kuchokera ku Joni pa Wenela. Banjo inali ya chigubu cha galoni, nsambo zake waya wa mabuleki a njinga. Ng'oma ankakunga ndi chikopa cha mbuzi, n'kuiwamba pamoto wa mapepala kuti ilire bwino, ndipo pambali pake pankalendewera zitsekerero za mabotolo a Fanta zotungidwa pawaya, zochita tsetsetse. Panalinso babatoni, chingwe chimodzi chokha koma mawu ake ankagwedeza malata. Mnyamata wina amene ankaphunzira kukonza mawailesi ku Limbe anatsegula wailesi yakale, n'kulumikiza timawaya kugitala ija, ndipo tsiku limene inalira koyamba ndi mawu osasa, okalipa, agalu onse a mumsewu anayankha. Bambo ankaima pageti, mtima uli m'mwamba poopa ntchito, koma phazi lawo linkagunda pansi. Mayi ankalowa ndi ketulo ya tiyi ndi chinangwa chophika, n'kunena kuti, “Idyani kaye ana inu, nyimbo siithawa.”

Ankaimba twisti, sinjonjo, simanjemanje, komanso za Elvis Presley ndi The Beatles zimene ankazitola usiku pa wailesi ya ku Lourenço Marques, khutu lili pa sipika, wina akulemba mawu m'kope la sukulu monga momwe awamvera. Koma amene ankawasirira koposa anali apafupi, ana a kwa Kachamba ochokera ku Chileka. Ndinawaonapo ndi maso anga akuimba m'mbali mwa msewu mutauni, anthu atazungulira, makobiri akugwa pansi: Daniel ndi gitala yake ya nsambo zisanu, Donald ali kamnyamata, chitoliro atachilowetsa cham'mbali m'kamwa. M'chaka cha 1967 katswiri wa ku Austria, Gerhard Kubik, anawapeza akuimba mu Blantyre momwemu n'kuwajambula, ndipo dzina lawo linakafika ku Ulaya. Achimwene ankati, “Ngati a ku Chileka atha, ifenso titha.”

Kungoti mbale kuno kwathu zinali zosowa kwambiri. Zambiri zimene tinkavina zinkachokera ku Joni ndi ku Halale, m'masutikesi a matchona. Kampani ya Nzeru Record inayamba mu 1968, mitima ya oimba n'kukhala m'malo, koma pofika 1972 inali itatseka. Chotsala chinali kupita ku MBC ku Chichiri, kumene nyimbo ankazijambula pa matepi a mikombero, n'kuziika pa shelefu. Ukamva nyimbo yako pawailesi, mudzi wonse unkadziwa, koma m'manja mwako munalibe kanthu koti uonetse mwana wako. Akuluakulu monga Morson Phuka, wa Jazz Giants ndi New Scene, tinkawamva ndi kuwalemekeza. MBC Band ndi Chichiri Queens anatulutsa chimbale cha Kokoliko ku Malawi mu 1974, ndipo nyumba imene inali nacho inkadziwika. Nanga timabandi ta m'magalaja, ta m'maholo a mishoni, ta kuseri kwa magolosale ku Ndirande ndi ku Bangwe? Tinali tambirimbiri, tina timaimba mokoma kuposa zimene mumamva lero, ndikunenetsa, koma singano sinatikhudze n'kamodzi komwe.

Nthawinso inali yofuna kusamala pakamwa. Lamulo la 1968 linakhazikitsa bungwe lounika nyimbo, mabuku ndi mafilimu, ndipo ngakhale nyimbo ya Simon and Garfunkel yotchedwa Cecilia inaletsedwa. Pofika 1973 tsitsi lalitali kwa amuna linali mlandu. Pamene anyamata athu ankameta, anzawo ku Zambia, a WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi, ankakuwitsa magitala, ndipo kampani ya Teal ku Ndola inkawadindira mbale. N'chifukwa chake lero anthu a ku America ndi ku Ulaya akuzidindanso nyimbo za ku Zambia zija, pamene zathu zambiri zinapita ndi eni ake kumanda.

Tsono kambale aka ndi ka Nzeru, ngakhale pepala lapakatili lafufutika ndi thukuta la zala. Anyamata a m'galaja anasonkherana, uyu sheleni, uyu sikisi, ndalama ya kwacha isanabwere mu 1971, ndipo achimwene anakwera basi kukakagula m'sitolo ya mmwenye ku Limbe. Anabwera atakabisa m'malaya kuopa dzuwa, pakuti mbale ikaotha dzuwa imapindika ngati chikopa chouma. Gumbagumba tinabwereka kwa mlonda wa nyumba yoyandikana nafe, ya mabatire, yokhala ngati kasutikesi. Anakaimba kambaleka mwina kakhumi usiku umodzi, aliyense akumvetsera chida chake, woimba babatoni atagona chafufumimba khutu lili pansi pasimenti. Mabatire akafooka, woimba ankayamba kukoka mawu ngati watopa, ndipo ine ntchito yanga inali kukawayanika padenga kuti mawa adzukenso.

Mukuona kamzere aka kodutsa apa? Pamenepa singano inkalumpha. Tinkaika kakobiri pamutu pa singano kuti ilemere, koma inkalumphabe, n'kudya mawu awiri. Anyamata aja anaiphunzira nyimboyo ndi kulumpha kwake komwe, moti pa ukwati wina ku Manase onse asanu anadumpha pamalo omwewo nthawi imodzi, ovina n'kukuwa ndi chimwemwe poyesa kuti ndi luso latsopano.

Achimwene analembetsa Wenela mu 1973, akuti akagule ampulifaya yeniyeni ndi magitala awiri. Chaka chotsatira, mu Epulo 1974, ndege yonyamula anthu a kumigodi inagwa ku Francistown, Amalawi oposa 70 n'kufa, ndipo boma linaimitsa ulendo wa Wenela. Achimwene anabwerako amoyo, ndi bulangete, njinga ndi gumbagumba yawoyawo, koma anapeza woimba ng'oma atapita ku Lilongwe kukamanga likulu latsopano, wa banjo atakwatira ku Thyolo, bwana uja atabwerera kwawo, ndipo m'galaja muli galimoto ya munthu wina. Kambaleka anapatsa mlamu wawo, agogo anu, tsiku la ukwati wathu.

Iwe wamng'ono, usagwire pakati pamene pali timizere, gwira m'mphepete ndi manja awiri, chonchi. Kapendeketse chakuwindo uone mmene kakunyezimira. Ukatha upukute ndi nsonga ya chitenjecho mozungulira, monga momwe mizere ikuyendera, ndipo ukabwezere pansi pa makadi a ubatizo agogo ako asanabwere kuchokera kumsika.