Njinga Imene Honda Inaisiya, Owotcherera N'kuitola

Pa makina onse othamanga amene ndimawatsatira, palibe ondigwira mtima ngati njinga yamoto ya mawilo anayi, imene ambiri amaitcha kwadi. Ndikunena kwadi ya mpikisano, yopepuka ndi yaukali, imene imadumpha zitunda za dothi n'kutera patali, osati yolemera ija ya pafamu yokoka kangolo. Munthu akaiona ikuuluka amathamangira kufunsa za mphamvu ya injini. Ine maso anga amapita pansi pa injiniyo, pa mapaipi achitsulo amene amainyamula ndi pa masipuling'i amene amasunga matayala padothi, pakuti m'menemo ndi mmene mpikisano umapambanidwira, ndipo m'menemonso ndi mmene muli moyo wa wokwerayo. Mbiri ya masewerowa ku United States, kumene anakulira, imandivomereza.

Chiyambi chake chinali njinga ya mawilo atatu. Mu 1970 kampani ya Honda inayamba kugulitsa ku America kanjinga ka matayala ofufuma ngati mabaluni, kamene kanadzadziwika ndi dzina lakuti ATC90. Kanalibe masipuling'i, matayala ofewawo ndiwo ankameza mabampu. Anthu anakakonda, makampani anawonjezera mphamvu ya injini, ndipo ngozi zinachuluka, chifukwa chinthu cha miyendo itatu sichichedwa kugudubuzika pokhota. Suzuki inatulutsa ya mawilo anayi mu 1982, kenako mu 1985 inabweretsa LT250R yopangidwira mpikisano. Honda inayankha mu 1986 ndi TRX250R, ya injini ya two-stroke ya 246cc yozizidwa ndi madzi. Koma mu 1988 boma la America linachita pangano la zaka khumi ndi makampani akuluakulu, loletsa kugulitsa njinga zatsopano za mawilo atatu. M'nyengo imeneyo ya milandu ndi mbiri yoipa, makampani anayamba kubwerera m'mbuyo. Honda inaleka kupanga TRX250R itatha ya 1989, itangoipanga zaka zinayi zokha.

Ochita mpikisano sanaleke nayo. Kwa zaka zoposa khumi, njinga yosiyidwayo ndiyo inkalamulira mabwalo a ATV motocross. Koma felemu ya kufakitale sinapangidwire kudumpha kwa sabata ndi sabata, ndipo inkang'aluka. Apa ndi pamene analowera eni magalaja ang'onoang'ono: Laeger's ndi Roll Design ku California, Lonestar Racing ku Arizona, Walsh Race Craft ku Florida, ndi ena. Anayamba ndi kuwotcherera zigamba pamalo ofooka, kenako n'kumapanga felemu yonse yatsopano, motsatira miyeso ya Honda kuti injini ndi zipangizo zina zilowe bwinobwino. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, kwadi yotchedwa 250R imene inkapambana mpikisano inali itatsala ndi zochepa kwambiri zochokera ku Honda. Chimene chinapulumuka chinali kaimidwe kake: kutalika, kutambasuka, ndi malo amene chitsulo china chimakumana ndi chinzake.

Kuti timvetse chifukwa chake miyeso imeneyi inali chuma, tiyenera kudziwa vuto limene kwadi imabadwa nalo. Njinga yamoto ya mawilo awiri imapendekeka polowa pakona, ndipo kupendekekako ndiko kumaisunga. Galimoto silipendekeka, koma lili ndi difu, imene imalola wilo lakunja kuzungulira mofulumira kuposa lam'kati. Kwadi ya mpikisano ilibe zonse ziwiri. Mawilo ake akumbuyo ali pa ekiselo imodzi yosadukiza, yoyendetsedwa ndi tcheni, kotero amazungulira mofanana nthawi zonse, ngakhale pakona pamene lakunja lili ndi ulendo wautali kuposa lam'kati. Ndinazimva ndekha m'manja tsiku lina pa kwadi za alendo ku Livingstone, pa liwiro laling'ono: ukakhotetsa mahandulo, makinawo amakhala ngati akukana, akufuna kupitabe kutsogolo. Wampikisano amathana nalo vutoli ndi thupi lake. Amatsetsereka pampando n'kulendewera mbali yam'kati, n'kuwonjezera moto kuti matayala akumbuyo aterereke. Akachedwa pang'ono, kapena tayala lakunja likaluma dothi mwadzidzidzi, mbali yam'kati imanyamuka ndipo makina olemera kuposa mwini wake amamugwera.

Mankhwala oyamba a vutoli ndi kutambasula miyendo. Wilo lililonse lakutsogolo limagwiridwa ndi mikono iwiri yachitsulo, wapamwamba ndi wapansi, yooneka ngati chilembo cha A. N'chifukwa chake amaitcha A-arm. Ukaika mikono yaitali ndi ekiselo yaitali, kwadi imaima motangadza ndipo imavuta kugudubuza. Malamulo a mpikisano wa motocross ku America amalola kutambasuka kosapitirira mainchesi 50, amene ndi masentimita 127, ndipo pafupifupi aliyense amafika pamalire pomwepo. Koma walira mvula walira matope. Opikisana m'nkhalango, monga mu mpikisano wa GNCC umene umatenga maola awiri, amadutsa pakati pa mitengo, ndipo kwadi yotambasuka kwambiri ikhoza kukodwa. Iwo amasankha yopapatiza pang'ono ndi matayala aatali oti adutse pa mizu ndi miyala, pamene a motocross amaika kumbuyo matayala aafupi a mainchesi 18 kuti makina akhale pafupi ndi dothi.

Nzeru imene imandisangalatsa kwambiri ndi ya felemu yopapatiza kutsogolo. Popeza malamulo anatseka kutambasuka kwa kunja, amisiri anatembenukira m'kati. Anapanikiza mapaipi apansi a felemu kuti ayandikane pakati, kotero mikono ya A-arm imayambira pafupi ndi pakati pa makina ndipo imatalika popanda kuphwanya lamulo. Mkono wautali umayenda modekha. Wilo likamakwera ndi kutsika silipendekeka kwambiri, ndipo limakhala ndi mtunda wokwanira woyendamo lisanafike pothera. Yesani kujambula uta ndi chingwe chachifupi, kenako ndi chachitali, muona nokha kusiyana kwake.

Pa mikono yomweyo pali miyeso itatu imene mmisiri amasinkhasinkha. Woyamba ndi camber, kupendekeka kwa wilo ukaliona kutsogolo: pamwamba pake amapaweramitsira m'kati pang'ono kuti pakona, pamene kulemera konse kwapita kunja, tayala ligwire dothi ndi nkhope yake yonse. Wachiwiri ndi caster, umene aliyense wokwera njinga yakapalasa amaudziwa ngakhale sadziwa dzina lake, pakuti ndiko kupendekekera kumbuyo kwa foloko. Ukachuluka, makina amayenda mowongoka pa liwiro koma mahandulo amalemera. Ukachepa, amakhota msanga koma amanjenjemera panjira yowongoka. Wachitatu ndi mdani wobisika wotchedwa bump steer. Ndodo imene imakankha wilo kuchokera ku chiwongolero ili ndi uta wakewake, ndipo mikono ili ndi wake. Mauta awiriwa akapanda kugwirizana, wilo limadzikhotetsa lokha nthawi iliyonse likagunda bampu, wokwera asanakhudze kanthu. Munthu wotera kuchokera m'mwamba mawilo ake akuloza kosiyana ali pangozi yaikulu, ndipo cholakwika chake chikhoza kukhala kabowo kamodzi kobooledwa mamilimita ochepa kuchoka pamalo ake.

Tifike tsopano pa zimene amakaniko amazitcha mashoko. Sipuling'i imanyamula kulemera, koma payokha ikhoza kumangodumphadumpha ngati mpira. Chimene chimaiweta ndi oyilo wa m'kati mwa shoko, amene amakakamizidwa kudutsa m'timabowo totsekedwa ndi timbale tachitsulo topyapyala. Makampani monga PEP, Custom Axis, Elka ndi Fox anadziwika ndi ntchito imeneyi. Pa shoko imodzi amasanjikiza masipuling'i awiri kapena atatu: yofewa imameza timabampu ting'onoting'ono, ndipo ikafika pothera, yolimba imalandira katundu wa kutera kwakukulu. Amasiyanso dala kuti makina atsike pang'ono ndi kulemera kwawo ndi kwa wokwera, kuti akhale pansi pokhota, komanso kuti wilo likhale ndi mpata wotsikira m'dzenje m'malo molendewera m'malere.

Kubwerera kwa shoko kumafuna kusamala kuposa kufinyika kwake. Ikabwerera mofulumira kwambiri, kumbuyo kwa kwadi kumamenya theche ngati bulu, n'kumuponya wokwera pamwamba pa mahandulo. Ikabwerera mochedwa, pa mabampu otsatizana imafinyikirafinyikira isanapume, mpaka imauma gwa ngati mulibe sipuling'i. N'chifukwa chake wopanga mashoko asanagwire sipanala amafunsa kulemera kwa wokwera, mtundu wa mpikisano, ndi mikono imene ili pa makinawo. Shoko yokonzedwera mnyamata wa makilogalamu 60 ndi yolakwika kwa bambo wa makilogalamu 90, ngakhale kwadi ikhale yomweyo. Ntchito yake imafanana ndi ya telala, amene sadula nsalu asanakuyeze.

Kumbuyo kuli mkono umodzi waukulu, swingarm, umene umanyamula ekiselo ndipo umayenda ndi shoko imodzi. Ukautalikitsa, mawilo akutsogolo sanyamuka msanga ponyamuka, koma matayala akumbuyo amachepa kuluma ndipo makina amakhota mwaulesi. Ukaufupikitsa, amaluma bwino ndi kukhota msanga, koma mphuno imafuna kuyang'ana kumwamba. Amisiri a nthawi ya 250R anabwereka kalumikizidwe ka shoko ka njinga yamoto ya Honda CR500 n'kukaika pa mafelemu awo, kuti shoko iyambe mofewa n'kumalimba pamene ikufinyika. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anapita patsogolo: anatenga injini za four-stroke za njinga za mawilo awiri, monga Yamaha YZ426F ndi Honda CRF450R, n'kuzikhazika m'mafelemu a miyeso ya 250R.

Zonsezi zimatsamira pa chitsulo ndi pa dzanja la wowotcherera. Mafelemu amenewa amapangidwa ndi mapaipi a chromoly 4130, chitsulo chosakanizidwa ndi chromium ndi molybdenum pang'ono, cholimba kotero kuti paipi yopyapyala imagwira ntchito ya yokhuthala. Mapaipiwo amamangidwa pa jig, tebulo lachitsulo logwira chidutswa chilichonse pamalo ake, chifukwa kutentha kumakoka chitsulo ndipo felemu yowotcherera popanda chogwirira imatuluka yopindika. Ndinakulira pafupi ndi shedi ya bambo wina wowotcherera mageti, mafelemu a zitseko ndi njinga zothyoka, ndipo ndinaona kawirikawiri chimene amisiri a kwadi amachidziwanso: chitsulo chimakonda kung'aluka pambali penipeni pa chowotchereracho, pamene moto unasintha mkhalidwe wake. Kuwonjezera zigamba paliponse sikuthetsa vuto. Malo amodzi ukawalimbitsa mopitirira, mphamvu imasamukira pa malo otsatira, ndipo felemu youma kwambiri imapereka kugunda konse m'manja mwa wokwera mpaka mikono yake imatopa mpikisano usanathe. Mmisiri wabwino amadziwa pofunika kulimba ndi pofunika kulola chitsulo kupuma.

Makampani akuluakulu anadzabwerera pangano lija litatha. Honda inatulutsa 400EX mu 1999, Yamaha inabweretsa YFZ450 mu 2003, Honda n'kutsatira ndi TRX450R, ndipo mu 2006 Suzuki inagulitsa LT-R450 yotambasuka kale pafupi ndi malire a mpikisano. Aliyense woyang'anitsitsa ankaona kuti mafakitale aphunzira m'magalaja. Malamulo a gulu la akatswiri anasintha n'kufuna felemu ya kufakitale, ndipo amisiri aja anatembenukira ku mikono, ma swingarm ndi ziwongolero. Koma chikondi cha makampani sichinakhalitse. Mavuto a zachuma a 2008 atagwa, ndipo ogula atayamba kukonda timagalimoto ta mipando iwiri monga Polaris RZR, Suzuki, Kawasaki ndi Honda zinasiya kupanga kwadi za mpikisano za 450, n'kutsala Yamaha ndi YFZ450R yake. Ngakhale mpikisano wa Dakar, mmene Brian Baragwanath wa ku South Africa anatenga malo achitatu pa kwadi mu 2016, unachotsa gulu la makwadi kuyambira mu 2025.

Tsono masewerowa abwerera pafupi ndi pamene anali mu 1990: makina okalamba, okonda ochepa koma ouma mutu, ndi magalaja ang'onoang'ono amene amawasunga amoyo. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti nzeru zambiri za ntchitoyi zili m'mitu ya anthu owerengeka ndi m'ma jig awo. Galaja ikatsekedwa ndipo jig ikagulitsidwa ngati chitsulo chakutha, miyeso imene inapezedwa ndi zaka za kuyesa, ndiponso ndi mafupa othyoka a okwera, imapita nayo. Wina wofuna kuyambiranso adzayenera kulipira mtengo womwewo.

N'chifukwa chake ndikamaonera Joel Hetrick kapena Chad Wienen akutera kuchokera pa chitunda, ndimayang'ana mawilo akutsogolo. Amalowa m'mwamba pafupifupi mpaka pothera, n'kubwerera kamodzi kokha, ali chilozere kutsogolo, ndipo wokwerayo ali kale pa moto kuthamangira kona yotsatira. Kamphindi kameneko sikakwana sekondi imodzi, koma kuti katheke panafunika munthu amene anayeza kabowo kawiri asanaboole, ndi wina amene anawotcherera mzere wake modekha, akudziwa kuti pachitsulocho padzakhala mwana wa munthu.