KU LIBALA: MAFELEMU A NYUMBA NDI MABATANI A PA FONI

Munthu wocokera ku Chipata, Katete kapena Petauke alowa mu Lusaka ndi mseu waukulu wa Kum'mawa. Akapitirira Chelstone, ku dzanja lamanzere aona nyumba zazikulu za Yunivesite ya Zambia. Pamenepo ndi pamene intaneti inayambira m'dziko lino m'caka ca 1994, pamene bungwe la ZAMNET linalumikiza makompyuta a kuno ndi a maiko akunja. Koma wofuna kumvetsa m'mene zinthu zooneka pa galasi la foni zimangidwira asatsikire pamenepo. Afike m'tauni, akwere minibasi yotsata mseu wa Burma, napite ku Libala.

Panjira adutsa mudzi wa amisiri wa ku Kabwata. Tinyumba tozungulira tofolera ndi udzu timene tiri pamenepo tinamangidwa m'nthawi ya atsamunda kuti muzigona anthu anchito, ndipo m'caka ca 1974 timene tinatsala tinasandutsidwa malo a osema ndi oluka. Wosema wa ku Kabwata ayamba ndi cipika. Kasemasema ndi mpeni ziri m'manja, asema mvuu yonse kuyambira kumphuno kufikira kumcira, ndipo sipapezeka mvuu ziwiri zofanana.

Ku Libala mamangidwe ndi ena. Nyumba za kumeneku zinamangidwa ndi khonsolo ya mzinda, gawo ndi gawo, ndipo kufikira lero magawowo adziwika ndi manambala, Stage 1 kufikira Stage 4. Pa mzere umodzi nyumba zonse zinatsata pulani imodzi: zitseko zofanana, mazenera ofanana, denga lofanana. M'caka ca 1996 boma la a Frederick Chiluba linalamula kuti nyumba za makhonsolo zigulitsidwe kwa okhalamo. Kuyambira pamenepo eni ace anayamba kuonjezera, uyu cipinda, uyo khonde, winanso mpanda ndi kanyumba kakuseri kocititsa lendi. Koma palibe amene anasula yekha felemu la zenera. Mabuloko agulidwa oumba kale, ndipo mafelemu ndi mageti aimikidwa m'mbali mwa miseu, opima kale, kudikira womanga. Nzeru ya mmisiri iri pa kusankha ndi kulumikiza zimenezi kuti nyumba iyenerane ndi banja lokhalamo.

Umu ndi momwenso amangira mapulogalamu a m'foni ndi m'kompyuta. Anyamata ndi atsikana ogwira nchito imeneyi mu Lusaka safuna fakitale. Ena ali ndi maofesi ku Woodlands ndi ku Kabulonga, koma kwa ena kacipinda kakuseri kwa nyumba ya makolo, tebulo limodzi ndi kompyuta ya m'manja zikwanira. Wodutsa panja sangadziwe kuti mkatimo muli kumangidwa kanthu, pakuti simumveka nyundo kapena sowo.

Pulogalamu ndi mndandanda wa malangizo olembedwa m'cilankhulo cimene makina amva. Mbali yace imene munthu aiona ndi kuikhudza iri ndi tizigawo tambiri: batani lodina, kabokosi kolembamo dzina, mndandanda wosankhapo, kalendala kosankhira tsiku, ndi kauthenga kocenjeza munthu akalakwitsa. Tizigawo timeneti ndito mafelemu ndi zitseko za pulogalamu, ndipo omanga ambiri satisema okha monga acitira wosema wa ku Kabwata. Atitenga topanga kale m'nkhokwe zimene makampani akunja anatsegulira anthu onse kwaulere. Nkhokwe ya Bootstrap inaturuka ku kampani ya Twitter m'caka ca 2011. React inaturuka ku Facebook m'caka ca 2013. Flutter, ya kampani ya Google, inakhazikika m'caka ca 2018, ndipo ithandiza mmisiri kulemba kamodzi pulogalamu yogwira nchito pa mitundu yosiyana ya mafoni.

Kuonjezera pa tizigawo, mmisiri ali ndi zida zace. Cida colemberamo malangizo, monga Visual Studio Code ya kampani ya Microsoft, cisonyeza ndi mtundu wofiira pamene dzanja laphonya, monga muja cingwe ca womanga cisonyezera khoma lokhota. Ciriponso cida coonetsa foni yoyerekezera pa galasi la kompyuta, kuti mmisiri ayese nchito yace isanafike kwa anthu. Cina ndi Git, imene Linus Torvalds anapanga m'caka ca 2005. Iyo isunga mbiri ya kusintha kulikonse, kotero kuti zikaonongeka lero, munthu abwerera pamene zinali dzulo. Ndi cida cimeneci amisiri okhala kutali, wina ku Libala wina ku Kitwe, amanga cinthu cimodzi popanda kupondana. Akulu anati mutu umodzi susenza denga.

Koma apa ndi pamene pali vuto lokhudza anthu a kumudzi. Felemu lopimidwira nyumba ina silikwana pa khoma liri lonse. Tizigawo tambiri tinapangidwira munthu wowerenga Cingerezi, wokhala ndi foni yaikulu, netiweki yamphamvu ndi magetsi osazima. Kabokosi ka keyala kafunsa dzina la mseu ndi nambala ya nyumba, pamene mlimi wa ku Chadiza adziwika ndi mudzi wace ndi mfumu yace. Kabokosi ka dzina, kakapanda kukonzedwa bwino, kakana kacizindikiro kamene kali m'maina monga Ng'oma, ndipo munthu alembedwa ndi dzina losiyana ndi la pa citupa cace. Kalendala ka ku America kayamba ndi mwezi, pamene kuno tsiku ndilo litsogola; motero 3/4 kwa wina ndi pa 3 April, kwa wina ndi pa 4 March. Mayi wodikira tsiku la sikelo ya mwana, kapena mlimi wodikira tsiku lolandira fataleza, angayende ulendo wautali pacabe cifukwa ca kanthu kakang'ono kotere.

Cifukwa cace nchito yeniyeni ya mmisiri wa kuno ndi kusadza ndi kupala tizigawoto kufikira titakwana pa khoma la Zambia. Akonza kabokosi ka nambala ya citupa ca NRC kuti kalandire manambala 6, kenaka 2, kenaka 1, monga alembedwera. Acotsa cizindikiro ca dola naikapo Kwacha. Akulitsa batani, pakuti liu la Cinyanja lakuti “Tumizani” ndi lalitali kuposa la Cingerezi, ndiponso cala cozolowera khasu sicigwa bwino pa kabatani kocepa. Ena alemba mapulogalamu osunga zolembedwa m'foni momwemo kumene netiweki kulibe, ndi kuzitumiza pamene munthu afika pamalo pogwira. Nchito yotere ifuna mtima woleza, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Aliponso mamangidwe ena amene anthu a kumudzi awadziwa bwino koposa. Ndiwo aja a kudina nyenyezi, manambala ndi kacizindikiro kothera, kenaka ndi kusankha 1 kapena 2. Dzina lace ndi USSD. Njira imeneyi igwira nchito pa kafoni kali konse ka mabatani ndipo sifuna intaneti. Ndiyo imene anthu ambiri atumizira ndalama pa MTN, Airtel ndi Zamtel. Koma uthenga umodzi wa njira imeneyi supitirira zilembo 182, motero womanga ayenera kupima liu liri lonse. Pali tsamba limodzi lofunika kuposa onse: lija loonetsa dzina la wolandira ndi kucuruka kwa ndalama munthu asanalembe nambala yace yacinsinsi. Tsambalo silinadzimere lokha. Analiikapo ndi munthu amene anaganizira za gogo wotumiza ndalama za sukulu ya mdzukulu, amene nambala imodzi yolakwika ingamtayitse thukuta la caka conse.

Amisiri amenewa aphunzira m'njira zosiyana. Ena aturuka ku Yunivesite ya Zambia ndi ku Yunivesite ya Copperbelt, ena aphunzira okha pa intaneti. M'caka ca 2011 a Lukonga Lindunda ndi anzao anayambitsa BongoHive mu Lusaka, malo okumanirapo ndi kuphunzitsana acinyamata okonda nchito imeneyi. Pambuyo pace panabadwa Asikana Network, gulu lolimbikitsa atsikana kuti nawonso agwire zida zimenezi. M'caka ca 2021 boma linakhazikitsa Unduna wa Zaumisiri ndi Sayansi. Zobvuta nazo sizisowa. M'caka ca 2024 cilala cinacepetsa madzi ku Kariba, magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku, ndipo amisiri a m'makomboni anasanduka akadzidzi, kugwira nchito pakati pa usiku pamene malaiti abwera. Cilala comweco cimene cinaumitsa cimanga ku minda cinazimitsanso makompyuta m'tauni.

Dzuwa likapendeka, ana a sukulu ya sekondale ya Libala adzaza miseu, ndipo pa timisasa ta ndalama za pa foni payamba mizere ya anthu otumiza kanthu kumudzi. Ndalama imeneyo ikafika ku Lundazi kapena ku Nyimba, wolandira aona mau ocepa okha pa galasi. Ayenera kudziwa kuti mauwo anasankhidwa ndi munthu, ndipo cosankhidwa ndi munthu citheka kukonzedwa. Foni ikasokoneza mlimi, si nthawi zonse pamene kulakwa kuli kwa mlimiyo. Kawirikawiri ndi felemu limene silinapimidwe bwino. Iye afotokozere mlangizi wa zaulimi, wa ku cipatala kapena wa pa kamsasa pamene pamubvuta, kuti mau afike kwa omanga. Ndipo kholo limene mwana wace akonda kufunsa m'mene foni igwirira nchito lisamletse. Womanga wodziwa mudzi, dzina la mfumu ndi nyengo ya fataleza ndiye amene adzapima zitseko zimene anthu a kwao adzalowamo osawerama.