Kuona Maso a Nkhono N'kudekha: Za Nyanja Yamchere ya M'nyumba



Ife Amalawi madzi timawadziwa, koma ndi madzi opanda mchere. Mbuna zathu za ku Cape Maclear zakhala zikutumizidwa kunja kwa zaka zambiri, ndipo alipo anthu ku Germany ndi ku America amene dzina la Malawi adayamba kulimva chifukwa cha nsombazi, zimene amaweta m'mathanki agalasi. Komatu pali uweti wina wovuta kuposa pamenepo, wosunga kachigawo ka nyanja yamchere m'nyumba, pamodzi ndi makorali ake. Ntchito imeneyi ndidaiona mu 2023, pamene ndidakhala miyezi iwiri ku Durban kwa mdzukulu wanga wina, ndipo ndifuna ndikulongosolereni mmene imayendera, pakuti muli phunziro.

Choyamba ndi malo. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndipo amchere amaposerako pang'ono. Thanki ya mnyamatayu inali ya malita 300, ndiye kuti kulemera kwa matumba 6 a chimanga, osawerengera galasi, miyala ndi mchenga. Iye amakhala pa nsanjika yachitatu ya nyumba yalendi, pansi pake pali banja lina. Akulu adati madzi akatayika sawoleka, ndipo pamenepa mwambiwu sunali wophiphiritsa ayi: malita 300 atati atayike, akadatsikira padenga la eni ake, ndalama n'kulowa m'madzi, ubale ndi anansi n'kutha. N'chifukwa chake adatha tsiku lathunthu akuyeza ndi levulo kuti kabati yonyamula thankiyo isapendekeke, pakuti galasi lopendekeka limalemedwa mbali imodzi mpaka kudzang'aluka.

Chachiwiri ndi mapaipi. Mlendo akalowa amaona thanki imodzi, koma mathanki ndi awiri. Ina imabisika m'kabati, ndipo eni ntchitoyi amaitcha sump. Madzi a pamwamba amasefukira m'kabokosi ka kumbuyo, n'kutsika ndi paipi kupita ku thanki yapansiyo. Kumeneko kuli chotenthetsera madzi, ndiponso makina ochita thovu amene amachotsa litsiro monga mmene mafunde amalavulira zinyalala pagombe. Akayera, pampu imawakankhanso kuti akwere. Motero madzi amazungulira usana ndi usiku.

Mapaipi otsitsa madzi adaika awiri. Nditafunsa chifukwa chake, adati, "Agogo, tsiku lina nkhono idzalowa m'paipi yoyamba n'kuitseka. Pampu siidziwa zimenezo, imangopopabe. Yachiwiriyi ndi yodikira tsiku limenelo." Mapaipi onse anali apulasitiki a PVC, omatidwa ndi guluu wake, chifukwa mkuwa, ngakhale utasungunukira m'madzi pang'ono chabe, umapha makorali, nkhono ndi nkhanu. M'malo angapo adaika mfundo zomasula ndi manja ndiponso zotsekera madzi, kuti pampu ikadzafuna kutsukidwa asadzachite kudula paipi ndi sowo. Atamaliza adadzaza madzi a pampopi, n'kuyala nyuzipepala pansi pa mfundo iliyonse, nadikira masiku atatu kuti aone ngati pangagwe dontho.

Kenaka padadza mayeso amene ine ndidawaona kuti ndi aakulu pa onse: adazimitsa pampu dala. Paja madzi saiwala khwawa. Pampu ikaima, madzi amabwerera ndi paipi yomwe adakwerera, ndipo ngati kukamwa kwa paipiyo kwamira kwambiri, imayamwa madzi a m'thanki yapamwamba monga mmene timakokera petulo m'chigubu ndi kapaipi, mpaka yapansi kusefukira. Mankhwala ake ndi awiri: kuboola kabowo pa paipi pafupi ndi pamwamba pa madzi kuti mpweya ulowe n'kudula mkokowo, ndiponso kusiya malo okwanira m'thanki yapansi. Chaka chimenecho magetsi ankazimazima kwambiri m'dziko la South Africa, nthawi zina maola angapo pa tsiku, choncho mayesowa sanali ongokwaniritsa mwambo. Adagulanso batire loyendetsa kapampu kakang'ono kovundula madzi, chifukwa magetsi akazima, chimene chimayamba kupha nsomba ndi kuchepa kwa mpweya m'madzi ongoima.

Chachitatu ndi mchere. Madzi a m'nyanja yaikulu amakhala ndi mchere wokwana pafupifupi magalamu 35 pa lita iliyonse. Si mchere wathu wa m'ndiwo, koma wosakaniza mwapadera, wokhala ndi kashiamu ndi zina zimene makorali amamangira mafupa awo. Amausungunula m'madzi osefedwa ndi makina, n'kuusiya m'diramu usiku wonse, m'mawa n'kuyeza ndi kachipangizo. Tsiku lililonse madzi ena amauluka ngati nthunzi, koma mchere umatsala. Amayi a ku Chigwa cha Shire amene ankaphika mchere wa m'dothi ankadziwa bwino chinsinsi chimenechi. Choncho pobwezera madzi ouluka sathira amchere, koma opanda mchere. Kupanda kutero thanki imanka niwawa mpaka zamoyo zonse kutha.

Zonsezi zitatha, mukadayembekeza kuti nsomba zilowa mawa lake. Ayi ndithu. Thanki idakhala masabata asanu muli miyala ndi mchenga basi. Zonyansa za nsomba zimatulutsa amoniya, amene ndi poizoni. Pamafunika kuti m'miyala muswane mabakiteriya amene amasandutsa amoniyayo kukhala nitrite, ndi ena osandutsa nitrite kukhala nitrate, amene saopsa kwambiri. Tizilomboti sitioneka ndi maso, ndipo sitimva kukalipiridwa. Kawirikawiri timafuna masabata anayi kufikira asanu ndi limodzi. Kamwana ka m'nyumbamo kankafunsa m'mawa uliwonse kuti, "Adadi, nsomba zili kuti?" Bambo wake ankangothira madzi pang'ono m'kabotolo, kudonthezera mankhwala, kuyang'ana mtundu wake, n'kulemba m'kope. Zoyamba kulowa zinali nkhono zodya ndere, ndipo kamwanako kadagona chafufumimba pafupi ndi galasi kufikira nkhono imodzi itatulutsa nyanga zake. Mwambi uja wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha kadaumvetsa tsiku limenelo popanda mphunzitsi.

Makorali adabwera pomalizira. Ambiri amayesa kuti ndi miyala kapena zomera, koma ndi tinyama tokhala pamodzi, ndipo m'matupi mwawo mumakhala ndere zazing'ono kwambiri zimene zimawapangira chakudya pogwiritsa ntchito kuwala. N'chifukwa chake thanki imafuna nyali zamphamvu ndi kutentha kosasinthasintha, pakati pa madigiri 24 ndi 26. Madzi akatentha mopitirira, makorali amataya nderezo n'kuyera mbee, ndipo akakhalitsa chotero amafa. Izi zidachitika kwambiri m'nyanja ya Indian mu 1998, ndi ku Great Barrier Reef ku Australia mu 2016. Palinso asodzi ena ku Philippines ndi ku Indonesia amene akhala akugwira nsomba zokongola pozikomola ndi poizoni wa cyanide, amene amaononganso makorali. Podziwa zimenezi, mdzukulu wanga adagula tizidutswa toduliridwa m'mathanki a anzake ndi nsomba ziwiri zoswedwa ndi oweta, osati zochotsedwa m'nyanja. Malonda a makorali olimba pakati pa maiko amatsata pangano la CITES, ndipo wogula wanzeru amafunsa kumene katundu wachokera. Paja safunsa adadya phula.

Tsono adzukulu anga, aliyense wa inu amene angafune uweti umenewu adziwe kuti akudzisenzetsa udindo wa zamoyo zimene sizingathe kulira zikamavutika. Alendo adzayamikira nsomba ndi mitundu ya makorali, ndipo palibe amene adzapemphe kuona m'kabati. Komatu moyo wa thanki uli m'kabatimo: m'paipi yachiwiri imene ingathe chaka osagwira ntchito, m'kabowo kosaoneka, ndi m'malo opanda kanthu osiyidwira tsiku la mdima. Ndaona mabanja ndi masukulu amene adalimba chifukwa wina adaganiziratu za tsiku limene pampu idzaime, ndipo ndaona ena amene adayamba ndi kugula nsomba.

Tsalani bwino, ndine agogo anu.