HANCOCK, MUDZI WOSULIRA ATSOGOLERI A NYIMBO

Kumpoto cakum'mawa kwa dziko la America, m'cigawo ca Maine comwe cicita malire ndi dziko la Canada, kuli kamudzi ka m'mbali mwa nyanja yamcere kochedwa Hancock. Anthu ake safika ndi 3,000 omwe, ndipo ena mwa iwo ndi asodzi a nkhanu zikulu-zikulu za m'nyanja zochedwa lobster. Komabe dzina la kamudzika lidziwika m'nyumba zoimbiramo za m'mizinda yaikulu, cifukwa kuyambira m'caka ca 1943 anyamata ndi atsikana ocokera m'maiko osiyana-siyana akhala akusonkhana kumeneko nyengo yotentha kukaphunzira nchito imodzi yobvuta zedi, nchito yotsogolera okestra.

Mlendo wocokera mu mzinda wa Boston ayenda pa motoka mtunda wopitirira makilomita 400 kulowera kumpoto, napyola tauni ya Ellsworth, ndipo posakhalitsa afika ku Hancock pa mseu waukulu wa Route 1. Dziko lake ndi la miyala ndi nkhalango za mitengo ya paini. Kum'mwera kwa mudzi kuli ndomo ya nthaka yolowa m'nyanja, ndipo woima pamenepo aona kutsidya kwa madzi a Frenchman Bay mapiri a pa cisumbu ca Mount Desert, pomwe pali phiri la Cadillac lotalika mamita 466. Nyanja ya kuno ikwera ndi kutsika kawiri pa tsiku. Pa malo ochedwa Tidal Falls madzi apita pa mpata wopapatiza mwa mkokomo kulowera ku mtunda, ndipo pakapita maola ocepa madzi omwewo atembenuka nathamangira ku nyanja. M'nyengo yozizira dziko lonse likutidwa ndi cipale cofewa, ndipo sukulu ya nyimbo imakhala yotseka. Itsegulidwa m'mwezi wa June, ndipo maphunziro ake atenga milungu 6 cabe.

Okestra ndi gulu lalikulu la anthu oimba ndi zipangizo. Gulu lokwanira bwino likhala ndi anthu 80 kufikira 100, okhala pa mipando m'magulu anai. Kutsogolo kuli a zipangizo za nsambo, ndiwo a mavayolini amene agawidwa pawiri, a maviyola, a macelo ndi a mabesi akulu-akulu. Pambuyo pao pali a zitoliro za mitundu-mitundu, kenaka a malipenga a mkuwa, ndipo kumbuyo kweni-kweni kuli a ng'oma. Patsogolo pa onsewa paima munthu mmodzi wogwira kamtengo kopepuka, amene saliza kanthu kali konse. Pa Cingerezi amuchula kondakitala, dzina limodzi-modzi ndi uja wa m'basi, koma nchito yake ifanana ndi ya mtsogoleri wa kwaya wa ku chalichi, kungoti mtolo wake ndi wolemera koposa.

Woimba ali yense ali ndi pepala la mbali yake yokha. Mtsogoleri yekha ndiye ali ndi buku lomwe mbali zonse zalembedwa zosanjikizana, nthawi zina mizere yoposa 20 pa tsamba limodzi, ndipo ayenera kuiwerenga yonse nthawi imodzi ndi kuimva m'mutu mwake oimba asanalize. Kuwerengako kuli ndi misampha yake, pakuti zipangizo zina, monga clarinet ndi lipenga lopindika lochedwa horn, zitulutsa liu lotsikirapo kusiyana ndi lomwe lalembedwa pa pepala. Dzanja lamanja ndilo lipima nthawi, lamanzere lionetsa pokweza ndi potsitsa mau ndiponso liitana gulu lomwe lifunika kulowa. Cinsinsi cacikulu cili pa kukweza dzanja nyimbo isanayambe. M'kamphindi kameneko oimba onse ayenera kuwerenga liwiro ndi mphamvu ya cimene cikubwera, napuma mpweya pamodzi. Dzanja likakaika, a mavayolini alowa paokha, a malipenga akumbuyo acedwa, ndipo nyimbo igwa isanaime.

Bvuto la wophunzira nchitoyi lili apa. Woimba vayolini atha kudzitsekera m'cipinda ndi kuyeseza maola 6 pa tsiku. Wotsogolera alibe mwai wotero, cifukwa cipangizo cake ndi anthu amoyo, ofuna malipiro, cakudya ndi pogona. Angagwedeze manja pa kalilole kapena kutsata nyimbo ya pa lekodi, koma kalilole sacedwa kulowa, ndipo lekodi imapitirira bwino lomwe ngakhale dzanja lasokera. M'masukulu ambiri ophunzira amayeseza potsogolera oimba piyano awiri m'malo mwa gulu lonse. Motero alipo acinyamata odziwa mabuku a nyimbo pamtima amene afika zaka 25 asanaimepo ola lathunthu pamaso pa okestra yokwanira, ndipo tsiku loyamba kuyesedwa nchito ndilo tsiku loyamba kuona kuti anthu 80 samvera dzanja monga anali kuganizira.

Amene anabweretsa mankhwala a bvutoli ku Hancock ndi A Pierre Monteux, Mfalansa wobadwira ku Paris m'caka ca 1875. Iwo anayamba ngati woimba vayolini ndi viyola, nakhala zaka zambiri pa mpando m'kati mwa okestra, akuyang'ana manja a atsogoleri abwino ndi oipa omwe. Dzina lao linamveka pa 29 May 1913, pamene anatsogolera kwa nthawi yoyamba nyimbo ya gule yochedwa Le Sacre du printemps, yopekedwa ndi A Igor Stravinsky, m'nyumba ya Théâtre des Champs-Élysées ku Paris. Nyimboyo inali yacilendo m'makutu a anthu a nthawi imeneyo, ndipo kacitidwe kake ka nthawi kasintha-sintha kosalekeza. Oonerera anayamba kukuwa ndi kukangana kotero kuti obvina anabvutika kumva zipangizo, koma A Monteux sanatsitse dzanja, ndipo oimba ao anafika nayo ku mapeto. Pambuyo pake anatsogolera okestra ya ku Boston kuyambira 1919 kufikira 1924, ndiponso ya ku San Francisco kufikira 1952.

Cimene cinawafikitsa ku kamudzi ka asodzi ndi ukwati. Akazi ao, Mai Doris Hodgkins, anali a ku Maine, ndipo banjalo linamanga mudzi wao ku Hancock. A Monteux anali ataphunzitsapo kale atsogoleri acinyamata ku France m'zaka za m'ma 1930, koma nkhondo yaciwiri ya dziko lonse inadula nchitoyo. M'caka ca 1942 anakhala nzika ya America, ndipo caka cotsatira anatsegula sukulu yao pakati pa mitengo ya paini.

Lamulo lomwe lisiyanitsa sukuluyi ndi zina ndi lapafupi kulinena. Ali yense wobwera kudzaphunzira kutsogolera abwere ndi cipangizo cake, ndipo akhale pa mpando m'okestra. Gulu la oimba pafupi-fupi 60 lipangidwa ndi ophunzira utsogoleriwo pamodzi ndi acinyamata ena obwera kudzazolowera kuimba m'gulu lalikulu. Wophunzira akaitanidwa aika pansi vayolini wake, akwera pa kansanja, natsogolera anzake. Nthawi yake ikatha atsika, atola vayolini, nayamba kumvera dzanja la mnzake amene mphindi zapitazo anali kumvera lake. Mwa njira imeneyi sukulu yaing'ono ikhala ndi okestra tsiku liri lonse, ndipo wophunzira aona nchito yake kucokera mbali zonse ziwiri.

Phindu la lamuloli limaoneka msanga. Wokhala pakati pa maviyola amamva m'thupi mwake zomwe zicitika pamene mtsogoleri wagwedeza manja mokongola koma osaonetsa polowera. Amadziwa kupweteka kwa kuimitsidwa kasanu pa malo amodzi osauzidwa colakwa. Amazindikira kuti woliza citoliro afunika mpata wopumira, kuti a mabesi sangathamange monga a mavayolini, ndi kuti wa ng'oma amene wakhala cete akuwerenga mizere 100 afuna diso la mtsogoleri pa nthawi yake yolowera. Akakwera pa kansanja sangathenso kunamiza munthu, popeza onse omuyang'ana aphunzira buku lomwelo ndipo adziwa pomwe wasokera. Mphunzitsi nayenso amakhala ku mbali ya oimba, moyang'anana ndi wophunzira, kuti aone cimene oimba akuona, ndipo amaimitsa nyimbo ndi kudzudzula pamaso pa onse. Kwa wacinyamata amene kwao amamuyesa katswiri, milungu yoyamba imakhala yowawa, ndipo ena amabwerera atazindikira kuti nchitoyi si yao.

A Monteux eni ake anali munthu wa manja odekha. Anali kuphunzitsa kuti mtsogoleri alipo kutumikira wopeka nyimbo ndi kuthandiza oimba, ndipo anali kudana ndi khalidwe lobvina-bvina pa kansanja pofuna kukopa maso a oonerera. Anali kuletsanso kupanikiza oimba pa malo pomwe atha kuyenda okha. Kunena zoona, awa ndi maphunziro a munthu amene anakhalapo pa mpando wa woimba wamba nakumbukira zomwe zinali kumuthandiza ndi zomwe zinali kumutopetsa.

Zipatso za mudziwu zidziwika. A Neville Marriner anali woimba vayolini m'okestra ya London Symphony, ndipo anapita ku Hancock kukaphunzira kwa A Monteux. Gulu lao la Academy of St Martin in the Fields linakhala limodzi mwa magulu ojambula malekodi ambiri koposa pa dziko lonse. A André Previn, amene anayamba ndi nyimbo za mafilimu ku Hollywood, anaphunzira kwa A Monteux ndipo anakhala mtsogoleri wamkulu wa London Symphony kuyambira 1968 kufikira 1979. A David Zinman anapyola ku Hancock nakhala wothandizira wa A Monteux, ndipo pambuyo pake anatsogolera magulu a ku Baltimore ndi ku Zürich. A Erich Kunzel, ochuka ndi gulu la Cincinnati Pops, naonso anasulidwa komweko.

Ukalamba sunawatsitse A Monteux pa kansanja. M'caka ca 1961, ali ndi zaka 86, anasankhidwa kukhala mtsogoleri wamkulu wa London Symphony, ndipo anapempha pangano la zaka 25, lokhala ndi mpata wolionjezeranso likatha. Pa 29 May 1963 anatsogoleranso ku London nyimbo ija ya A Stravinsky, patapita zaka 50 cicitikire phokoso la ku Paris, ndipo wopekayo analipo. Anamwalira ku Hancock pa 1 July 1964, ali ndi zaka 89, naikidwa m'manda a m'mudzi momwemo.

Sukulu sinafe nao. Mai Doris anaisunga, ndipo mpando wa mphunzitsi unapatsidwa kwa A Charles Bruck, amene anali wophunzira wa A Monteux ku Paris nkhondo isanayambe. A Bruck anadziwika ndi khutu lakuthwa ndi lilime losanyengerera, ndipo anaphunzitsa zaka zoposa 25 kufikira imfa yao m'caka ca 1995. Mmodzi mwa ophunzira ao omaliza anali A Ludovic Morlot, Mfalansa woimba vayolini, amene anatsogolera okestra ya ku Seattle kuyambira 2011 kufikira 2019. A Bruck atamwalira, udindo unapita kwa wophunzira wao A Michael Jinbo, motero ciphunzitso cinayenda kucokera m'dzanja kupita m'dzanja.

Hancock sindiwo malo okha ophunzitsira nchitoyi. Ku Tanglewood, m'cigawo ca Massachusetts, A Serge Koussevitzky anatsegula sukulu ya nyengo yotentha m'caka ca 1940, ndipo A Leonard Bernstein anali m'gulu loyamba la ophunzira. Ku Helsinki, m'dziko la Finland, A Jorma Panula anaphunzitsa pa Sibelius Academy kuyambira 1973, akuika ophunzira pamaso pa gulu la oimba nthawi zonse ndi kuwajambula pa vidiyo kuti adzione okha, ndipo m'manja mwao munaturuka A Esa-Pekka Salonen ndi A Osmo Vänskä. Malo onsewa abvomerezana pa mfundo yakuti utsogoleri wa nyimbo suphunzirika popanda anthu oimba. Ku Hancock anaika mpando wa woimba pakati peni-peni pa maphunziro.

Tsiku lomwe mudzi ndi sukulu zikumana ndi la Sondo. Madzulo ake anthu a ku Hancock, a ku Ellsworth ndi alendo a pa chuthi adzaza nyumba ya matabwa yochedwa Forest Studio, yomwe ili m'kati mwa mitengo, kudzamva zimene zakonzedwa mlungu umenewo. Mlungu uli wonse nyimbo zikhala zatsopano, ndipo pa tsiku limodzi atsogoleri angapo asinthana pa kansanja. Woliza oboe apereka liu loti onse acunire zipangizo zao, phokoso la m'nyumba litha, ndipo wacinyamata wina anyamuka pakati pa macelo, napita kutsogolo. Akatsiriza, anthu aomba m'manja, iye awerama, natsika kukafuna mpando wake, pakuti nyimbo yotsatira ifuna macelo onse.