Nkhokwe ya Fodya ya ku Amaveni

Bokosilo linakhala pamwamba pa kabati zaka zoposa 50, m'nyumba ina yaing'ono ku Amaveni, mumzinda wa Kwekwe, ndipo panalibe amene ankadziwa ntchito yake yeniyeni. Mwini wake woyamba anali mzungu wina wa kumgodi wa golide wa Globe and Phoenix. Pochoka m'dzikomo anasiyira bokosilo khukhi wake, mwamuna wa ku Dowa amene anabwera ndi Mthandizi m'masiku a chitaganya. Khukhiyo sankasuta. Anasungiramo chitupa chake ndi makalata a kumudzi, ndipo atamwalira, mkazi wake anaika bokosilo pamwamba, kutali ndi ana.

Mdzukulu wawo ndi mmisiri wa matabwa. Anayamba ntchitoyi ng'anjo zachitsulo za ZISCO ku Redcliff zitazima mu 2008. Tsiku lina kunabwera mkulu wina wogula golide kudzapangitsa chitseko, ndipo maso ake anagwera pa bokosilo. Anati dzina lake ndi humidor, chosungiramo cigar, ndudu zikuluzikulu zija zopichiridwa ndi tsamba la fodya lokhalokha. Anatchula mtengo m'madola, wokwanira kulipirira mayeso a Fomu 4 a mwana wamkazi wa mmisiriyo. Koma anaika lamulo limodzi: bokosilo liyambirenso kusunga chinyezi.

Mmisiriyo anafufuza pa intaneti ndipo anapeza zimene sankayembekezera. Cigar imafuna mpweya wa chinyezi cha pafupifupi 70 pa 100 iliyonse. Mpweya ukauma, tsamba lakunja limang'aluka. Ukanyowa kwambiri, pamamera nkhungu. Matabwa am'kati mwa bokosilo ndi a Spanish cedar, mtengo wa kumaiko otentha a ku America, umene si mkungudza ngati wa ku Mulanje ayi, koma mbale wake wa mbawa. Ubwino wake ndi wakuti umamwa chinyezi n'kumachibweza pang'onopang'ono. Komatu thabwa limene latha zaka zambiri m'chilimwe chouma cha ku Midlands limakhala ndi ludzu, ndipo ukaikamo fodya lisanakhute, limayamwa chinyezi cha fodyayo n'kumuumitsa gwa.

Choyamba anayenera kutulutsamo mapepala, pakuti chinyezi chimene chimasunga fodya ndicho chimaononga pepala. Apa ndipo panavuta. Gogo anakhala chete tsiku lonse, kenaka anatenga chitini cha mabisiketi, n'kusamutsiramo makalatawo limodzilimodzi ndi manja awo.

Mmisiriyo anapala m'kati mopepuka ndi sandipepala yosalala kuti achotse fungo la mapepala akale, ndipo sanagwiritse sopo kapena vanishi. Anayang'ana m'makona ngati muli nkhungu kapena fumbi la tizilombo toboola fodya, koma munali bwino. Anatsekera ndalama yapepala pachivindikiro n'kuikoka. Inakana kutuluka, kusonyeza kuti chivindikirocho chidakagwira. Kachipangizo koyezera chinyezi anakatsekera usiku wonse m'pepala lapulasitiki pamodzi ndi mchere wonyowa m'kachitsekero ka botolo. Muyeso woona pamenepo ndi 75. Kake kanaonetsa 71, choncho anadziwa kuti pa chilichonse chimene kanene aziwonjezerapo 4.

Kenaka anatenga nsalu yodontha madzi kuti atsanyule matabwawo.

"Iwe, ukufuna kulimiza bokosi la agogo ako?" anafunsa gogo ali pamkeka.

"Agogo, akuti likufuna madzi."

"Likufuna mame, mwanawe, osati mvula."

Gogo anakulira m'munda wa fodya. Anamufotokozera kuti kwawo tsamba louma m'chigafa saligwira dzuwa lili paliwombo, chifukwa limafumbutuka m'manja. Amadikira m'bandakucha, mpweya wa usiku utalifewetsa, ndipo pamenepo m'pamene amalisankha n'kulimanga. Wolithira madzi pofuna kufulumira amaoletsa belo lonse. Mmisiriyo anaika nsalu ija pansi. Iye mwini ankadziwa kuti thabwa lopyapyala likanyowa mwadzidzidzi limapindika, ndipo chivindikiro sichitsekanso. Anakagula madzi otchezedwa, aja opanda mchere ndi asidi amene amawonjezera m'mabatire a galimoto, pakuti a pampopi amasiya zoyangayanga. Anawathira m'kambale, n'kuika m'bokosimo, n'kutseka.

Chinatsala ndi kudikira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Anaika bokosilo pansi pa bedi, m'chipinda chozizira, chifukwa kutentha kwa mu Okutobala kumaswetsa mazira a tizilombo tija.

M'masiku odikirawo ndimo munachitika chimene panalibe anachikonza. Poti makalata anali atatuluka, mwana wasukulu uja anatolapo imodzi. Iye amalankhula Chishona ndi Chingerezi. Chichewa amangochimva pamaliro ndi pomwe gule wamkulu akuvinidwa, amene anzake amamutcha zvigure. Anayesa kuwerenga n'kukakamira pa mzere wachiwiri. Gogo, amene maso awo anachita khungu, anamuuza kuti azingotchula mawuwo, iwo azimasulira. Madzulo alionse ankatha kalata imodzi: ya njala, ya ukwati wa mlongo, ya maliro a amayi amene khukhi uja sanapiteko. Kalata ina inamutcha mtchona, ndipo mwanayo anafunsa tanthauzo lake. Gogo anati ndi munthu amene anapita kukagwira ntchito kutali osabwereranso. Mwanayo anafunsa ngati iyenso ndi mtchona. Gogo anaseka, nati munthu sachona kumene anabadwira. Banjali linatha zaka zambiri zitupa zawo zitalembedwa kuti ndi alendo, mpaka malamulo atsopano a 2013 anazindikira obadwira m'Zimbabwe kwa makolo a m'maiko oyandikana nawo.

Patatha masabata awiri anachotsa kambale kaja, ndipo muyeso unakhazikika pa 70 masiku atatu otsatizana. Gogo ananunkhiza m'katimo, nati ikumveka ngati nkhokwe ya fodya, ndipo dzinalo linakhala lomwelo.

Wogula golide uja anabwera Loweruka, nawerenga ndalama zake, nanyamula bokosilo. Pamwamba pa kabati pali chitini cha mabisiketi tsopano. Mwanayo anakopera dzina la mudzi ndi la mfumu yake kuseri kwa kope lake la masamu, ndipo m'chitinimo mwatsala makalata asanu ndi awiri amene sanawerengedwe.