Denga la Bambo

Kwathu ku Linthipe akamanga nkhokwe, denga amalimangira pansi. Likatha amaitana amuna a m'mudzi, ena agwira kuno ena uko, nkulikweza mofuula mpaka litakhazikika pamalo pake. Mwambi uja wakuti mutu umodzi susenza denga unachokera pamenepa, ndipo ine ndinautanthauzira kangapo konse m'mayeso a kusekondale, aphunzitsi nkumandichonga. Koma mu Disembala 2023 denga linandipeza ndili ndekha, ndipo ndinaona kuti zimene ndinkalemba zija zinali theka chabe la nkhani.

Bambo anga anaphunzitsa zaka 14 pasukulu ina ya pulayimale m'boma la Ntcheu. Anatisiya mu Okutobala chaka chomwecho atangodwala sabata imodzi. Nyumba imene tinkakhala inali ya sukulu, ndipo nyumba ya sukulu sidziwa maliro, imadziwa teremu. Aphunzitsi aakulu anatipirira miyezi iwiri, kenaka anandiimbira foni ndili kuno ku Chirunga. Analankhula mwaulemu, mozungulira, koma mfundo inali imodzi: mphunzitsi wina akubwera mu Januwale ndi banja lake. Mayi anali atabwerera kale kwawo ku Linthipe ndi ang'ono anga awiri, thupi lisakuwayendera bwino, munda nawo ukudikira. Malume, amene mwamwambo akadatsogolera zonsezi, ali ku Johannesburg. Wotsala ndinali ine, mwana wamkazi wa zaka 22, wodziwa kulemba ndemanga pa ndakatulo za anthu ena koma wosadziwa ngakhale kumasula bedi.

Mayeso atatha ndinakwera minibasi ya ku Liwonde, ina ya ku Balaka, ina mpaka pa Ntcheu, nkumalizira pa kabaza. Nditatsekula chitseko, jekete la bambo linali likadali pamsomali wake, fumbi la choko lili mbuu pamkono. Ndinayamba ndakhala pansi.

M'mawa mwake ndinaphunzira kuti kusamuka kumayambira pa galimoto, osati pa katundu. Maliro atangotha mayi anali atapangana mtengo ndi mwini lole wina wa pamsika. Koma mu Novembala mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, mafuta nawo nkukwera. Nditamukumbutsa za pangano lija, mkuluyo anangoseka mwachisoni nati, "Achemwali, mtengo uja unapita ndi kwacha yake." Sindinamuimbe mlandu. Ndalama zimene ndinali nazo zinangokwanira kalole kakang'ono, ulendo umodzi basi. Katundu wa zaka 14 anayenera kukwana m'kalole kameneko, ndipo wosakwanayo anayenera kutsala.

Ndinatenga kope nkujambula mizere itatu: zopita, zogulitsa, zosiya. Mzere woyamba unadzaza msanga: mabedi awiri, matiresi, makina osokera a mayi, mtondo ndi munsi, miphika, ndowa, mbaula, matumba anayi a chimanga, nkhuku zisanu ndi ziwiri. Mizere inayo inandisowetsa tulo. Kodi kabati ya magalasi imene mayi ankanyadira ipite, chimanga chitsale? Nanga tebulo limene tonse atatu tinaphunzirirapo kulemba dzina? Ndikaimbira mayi, yankho linali limodzimodzi: "Ona ndiwe, mwanangu, ine mutu sukugwira." Pamenepo ndinazindikira kuti kunyamula si vuto. Vuto ndi kusankha, chifukwa chilichonse chimene wachisiya, wachisiya iwe, ndipo tsiku lina wina adzakufunsa.

Tsiku lachitatu masana ndinamva "odi" pakhomo. Anali bambo aang'ono, mng'ono wa malemu bambo. Ndinawayalira mphasa pakhonde, ndinagwada nkuwalonjera. Atafunsa za mayi ndi za mvula, anafika pa chimene anadzera.

"Mwanawe, tangomva mphekesera kuti ukusamutsa katundu wa achimwene. Bwanji osatiuza?"

"Pepani bambo, nthawi inandichepera."

"Chabwino. Koma njinga ija ndi makina aja zitsale. Zimenezo nza kumudzi kwathu."

Anzanga a zamalamulo anali atandikonzekeretsa ndisanachoke pano. Lamulo la chuma cha masiye la 2011, limene linalowa m'malo mwa lija la 1967, limati katundu wa m'nyumba atsale m'manja mwa mkazi kapena mwamuna wa womwalirayo, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu woti munthu angamangidwe nawo. Mawu onsewa ndinali nawo kukamwa. Koma lamulo limakoma polinena m'kalasi. Pamphasa, utagwada pamaso pa munthu wa nkhope ngati ya bambo ako, lilime limalemera. Munthu ameneyu sanali mbava. Ndi yemwe uja anasiya sukulu nakagwira ntchito m'minda ya fodya ku Kasungu kuti mkulu wake amalize maphunziro a uphunzitsi. Bambo anatiuza nkhaniyi kambirimbiri. Mwambo umene ankaimirawo nawo suli wopanda mutu: pachikamwini ana amawerengedwa a kuchikazi, wowalera ndi malume, ndiye chuma cha mwamuna chinkabwerera kwa abale ake. Zinkatheka pamene chuma chinali khasu, nkhwangwa ndi mbuzi. Koma ife malume athu ali kutali, ndipo wolera ana otsalawo ndi makina aja.

"Bambo," ndinatero mawu akunjenjemera, "njinga tengani, jekete nalonso ndi lanu. Koma makina ndiwo khasu la mayi. Mukatenga amenewo, Januwale ana sapita kusukulu."

Anakhala duu kwa nthawi, akuyang'ana ku mtengo wa mango umene bambo anabzala chaka chimene tinafika. Kenaka anati, "Wakula." Mpaka lero sindidziwa ngati anali mawu oyamika kapena odandaula. Anavala jekete lija, nachoka akukankha njinga, osaikwera. Anzanga atamva anandidzudzula kuti ndinagonja pachabe popeza lamulo linali kumbali yanga. Mwina akunena zoona. Ine ndimangodziwa kuti manda a bambo ali kumudzi kwa munthu ameneyu, ndipo tidzafuna kumapitako.

Usiku womaliza ndinaugonera pa mapepala. Sutikesi yathunthu inali yodzaza ndi makope a bambo okonzera maphunziro, sitandade 8, chaka ndi chaka, olembedwa ndi dzanja lawo lopendekeka lija. Pansi penipeni ndinapeza kope lina laling'ono la ngongole. Munali ngongole ya kugolosale, ya kwa mphunzitsi mnzawo, ya kubanki m'khonde, ndipo pambali pa iliyonse analembapo chifukwa chake. Dzina langa linalimo kasanu ndi kawiri: fizi, lendi ya ku Chikanda, thiransipoti. Masiku onse aja ndinkalandira ndalama pafoni nkumadandaula kuti zachepa, sindinadzifunsepo kumene zinkachokera. Kutacha ndinagulitsa kabati ya magalasi kwa mkazi wa mphunzitsi wina, nkukabweza ya kugolosale. Makope aja ndinakapereka ku ofesi ya sukulu kuti mwina athandiza wobwerayo. Ndinasungako limodzi lokha.

Tsiku losamuka ndinadzuka kusanache, ndikuwerengera m'mutu ndalama za aganyu. Aganyuwo sanafunike. Dzuwa lisanakwere panafika anyamata asanu a sitandade 8, osaitanidwa, nati, "Tabwera kudzanyamula katundu wa sala." Mmodzi anabwera ndi sipanala, bedi lija nkulimasula ngati masewera. Akazi a aphunzitsi anakulunga mbale m'zitenje ndi m'nyuzipepala, namanga nkhuku miyendo nkuziika m'dengu. Dalaivala anandiphunzitsa kapakiridwe: zolemera zitsamire kumutu kwa galimoto, makina pakati pa matumba a chimanga kuti asagwedezeke, matiresi pamwamba, kenaka lona, kenaka malegeni omangira. Tebulo lija linakana kukwana. Ndinalisiya m'nyumba momwemo. Mafuwa nawo anatsala m'khitchini, phulusa likadali lofunda.

Katundu atatuluka, nyumba inasanduka yachilendo. Mawu ankamveka kawiri. Pakhoma panatsala zipsera za misomali ndi timizere ta pensulo pamene bambo ankatiyeza msinkhu chaka chilichonse chikamayamba. Ndinabwereka tsache, ndinasesa chipinda ndi chipinda, kenaka ndinatseka nkukapereka makiyi kwa aphunzitsi aakulu. Anawalandira ndi manja awiri osanena kanthu.

Tinadutsa pa Biriwiri nthawi ya masana, msewu ukutsata malire, Mozambique ali kumanzere kwathu. Tikuyandikira pa Lizulu kunada bii, ndipo mvula inayamba ngati yotumidwa. Mphepo inakanganula lona mbali imodzi. Ndinatsika kutsogolo nkukwera kumbuyo, ndinagona chafufumimba pamwamba pa katundu, manja atagwira lona, nkhuku zikulira pansi panga. Ogulitsa mbatata ndi kabichi m'mbali mwa msewu ankandiloza nkumaseka. Ndinayenda choncho mpaka pa Dedza, mano akugundana ndi kuzizira. Matiresi ananyowa, koma makina ndi chimanga zinafika zouma.

Tinafika kumudzi dzuwa likulowa. Anthu anathamangira kudzatsitsa katundu, ndipo posakhalitsa kalole kanali mbee. Ine ndinali nditakonza mayankho onse: za njinga, za jekete, za kabati, za tebulo. Mayi anayang'ana katundu yense ali mbwee pabwalo, nasisita chivundikiro cha makina awo. Sanawerenge kanthu. Anangofunsa kuti, "Nyumba ya eni ija unasesa?" Nditavomera anati, "Wachita bwino. Kasinthe zovala, ungadwale."

Za kabati anandifunsa patapita miyezi inayi, tili kumunda kukolola. Ndinawauza zonse, za kope la ngongole lija nazo. Anakhala chete, napitiriza kukolola.

Mwambi uja sindiutsutsa. Manja onyamula denga anapezeka, ena a iwo a anthu amene sindidzawaonanso. Koma denga lisanakwezedwe, pamafunika munthu woti anene kuti udzu uwu ukwere, uwu utsale pansi, ndipo pamenepo palibe wogwirizira mnzake. Kope la mizere itatu lija ndikadali nalo kuno kuchipinda. Nthawi zina ndimalitsekula pa mzere wachitatu, nkumadzifunsa ngati ana a mphunzitsi watsopanoyo akulembera patebulo lathu.