Zimene ndikuphunzira pa geti ku Dubai

Lolemba

Pa maphunziro onse a ntchito yolandira ndi kukweza anthu ndege kuno ku bwalo la Dubai International, gawo limene likundithyola mutu ndi la manambala. Ndege ikanyamuka mochedwa sitilemba nkhani ayi, timalemba nambala, ndipo manambalawa adakonzedwa ndi bungwe la IATA kuti aliyense aziwamva. Lero atipatsa oti tiloweze. 93 ndi ya ndege imene yafika mochedwa kuchokera kumene inali. 91 ndi yodikira anthu kapena katundu wa m'ndege ina. 81 timalemba owongolera ndege akachepetsa ndege chifukwa njira ya mumlengalenga yadzaza, pomwe 82 ndi ya pamene achepetsa chifukwa antchito aperewera kapena zipangizo zawo zavuta.

Ya 82 sindikuimvetsa. Ine mwana wa ku Lumbadzi, ndakula ndikuona nsanja ya pa bwalo la Kamuzu, ndipo mumtima mwanga woongolera ndege anali munthu woima pazenera, maso kumwamba, wailesi kukamwa. Kompyuta ikazima, maso ake salipo kodi?

Lachiwiri

Aphunzitsi, bambo wodekha wa ku Kenya, andiyankha mofatsa. Nsanja imaona kachigawo kakang'ono chabe. Kuno ndege zotera ndi zonyamuka zimawongoleredwa ndi Dubai Air Navigation Services, koma zikakwera zimapita m'manja mwa Sheikh Zayed Air Navigation Centre ku Abu Dhabi, kumene anthu amayang'ana masikirini a rada, ndegezo osaziona n'komwe. Ndege isanadzuke, kampani yake imatumiza flight plan, chikalata chonena njira, msinkhu ndi nthawi imene idzadutse pamalo aliwonse. Kompyuta ndiyo imawerenga chikalatacho n'kugawira woongolera aliyense gawo lake. Mumlengalenga ndege zimatalikirana mafiti 1,000 m'mwamba ndi pansi, kapena makilomita pafupifupi 9 cham'mbali. Bwalo lino lili ndi misewu ya ndege iwiri yokha, koma mu 2024 padadutsa anthu 92.3 miliyoni. Ndaima pawindo la kantini usiku uno n'kuona nyali za ndege zobwera zitandandalika mumdima, ina kumbuyo kwa inzake, mipata yake yofanana. Mipata imeneyi si ya maso a munthu okha.

Lachinayi

Tsiku lonse tathera pa nkhani imodzi, ndipo ndikuilemba yonse kuti ndisaiwale.

Lolemba pa 28 August 2023 linali tsiku la tchuthi ku Britain, mabanja akubwerera kwawo. Nthawi ili 8:32 m'mawa, makina a kampani yowongolera ndege ya NATS ku Swanwick adalandira flight plan ya ndege yochokera ku Los Angeles kupita ku Paris. M'chikalatamo munali malo awiri olembedwa ndi zilembo zofanana, DVL. Amodzi ndi Devils Lake ku America, ena ndi Deauville ku France, otalikirana makilomita oposa 6,000. Kompyuta idafunafuna polowera ndi potulukira ndegeyo mumlengalenga mwa Britain, yankho limene idapeza silidamveke, ndipo idadziimitsa. Makina achiwiri, osungidwa kuti azilowa m'malo, adalandira chikalata chomwecho, nawonso n'kuima. Zonsezi zidachitika m'masekondi 20.

Apa ndidafunsa kuti makina angaime bwanji chifukwa cha pepala limodzi. Aphunzitsi adati adapangidwa dala kuti akakayika aziima, kusiyana n'kupereka nkhani yabodza kwa woongolera. Kuima kumeneko ndakuvomereza. Chimene sindikuvomereza n'chakuti makinawo sadathe kungoika chikalata chovutacho pambali n'kupitiriza ndi zina, komanso kuti makina achiwiri anali ndi matenda omwewo. Ngati zonse ziwiri zimagwa ndi chinthu chimodzi, ndiye kuti ndi makina amodzi.

Rada ndi mawailesi zinkagwira ntchito, ndege zimene zinali m'mwamba sizidasochere. Koma zikalata zidayamba kulembedwa pamanja. Makina amatha 700 kapena 800 pa ola, anthu ankatha pafupifupi 60. Maloboti akazima pamphambano ku Lilongwe, wapolisi mmodzi amaima pakati, magalimoto amadutsa ndithu, koma mzere umafika kutali. Choncho adalamula kuti ndege zambiri zikhale pansi. Anthu oposa 700,000 adakhudzidwa. Lipoti la gulu lofufuza lotsogozedwa ndi Jeff Halliwell lidaonetsanso kuti injiniya wodziwa makinawo anali kunyumba, adalephera kuwakonza ali komweko, ndipo zidamutengera ola ndi theka kufika pantchito.

Funso langa la Lolemba layankhidwa. Woongolera maso ake alipo, koma akachepekedwa thandizo amachepetsa ndege kufikira zimene mutu wake ungasunge. Kuchedwako ndi dala, ndipo n'koyenera.

Lachisanu

Mnzanga wa ku Philippines amene timakhala naye tebulo limodzi wandiuza za kwawo. Pa 1 January 2023 magetsi a kumalo owongolera ndege ku Manila adavuta, mlengalenga mwa dziko lonse mudakhala mopanda ndege kwa maola angapo, anthu zikwi zambiri adakhudzidwa, ena ali obwerera kuntchito kumayiko ano. Patangopita masiku khumi, pa 11 January, ku America makina opereka zidziwitso kwa oyendetsa ndege adaima antchito atafufuta mafayilo mwangozi, ndipo ndege zonyamuka zidaimitsidwa dziko lonse koyamba chichokereni 11 September 2001.

Aphunzitsi atichenjeza kuti tisamasakanize. Pa 19 July 2024 pulogalamu ya CrowdStrike itasokoneza makompyuta padziko lonse, kuno kudavuta polembetsa anthu a makampani ena ku Terminal 1 ndi 2. Imeneyo inali kauntala, osati owongolera ndege. Mvula ya pa 16 April 2024 imene idamiza bwalo lino ndi nkhani inanso.

Loweruka usiku

Lero andiimika pa geti pambali pa wantchito wakale. Ndege yathu inali isanafike kuchokera kumene idapita, ndiye kuti 93. Pamzere panali mayi wa chitenje, chikwama chachikulu chamizeremizere chili pambali, pasipoti yakwathu ili m'manja. Ndidawapatsa moni.

"Muli bwanji amayi?"

Adandiyang'ana kawiri. "Ha! Mwana wakwathu! Mwanawe, tandiuze zoona, ndegeyi yafa?"

Ndidati ayi amayi, ndege ili bwino, kungoti idachedwa kunyamuka komwe ikuchokera, ndipo ikafika ayenera kutsitsa katundu, kuisesa ndi kuthira mafuta. Anali atagula nsapato ndi zikwama kuno ku Deira zokagulitsa ku Limbe, ndipo nkhawa yawo inali ndege yachiwiri, poti kuchokera kuno kupita kwathu palibe yachindunji, anthu amadzera ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg. Ndidayang'ana tikiti yawo. Maulendo onse awiri anali pa tikiti imodzi, choncho akaphonya, kampani ndiyo iwaike pa ndege yotsatira. Nditawafotokozera adakhala pansi n'kumasula mpango.

Usiku uno ndaona mmene vuto la kutali limafikira kuno. Dubai ndi posinthira ndege. Makina akaima ku Swanwick kapena ku Manila, ndege yochokera kumeneko imafika mochedwa, anthu ake amaphonya zina, ndegeyo imachedwa pa ulendo wotsatira, ndipo oyendetsa ake maola ololedwa kugwira ntchito akatha sangauluke ngakhale njira itatseguka. Kumeneko alemba 82, kuno tilemba 93 kapena 91, ndipo mayi wa ku Limbe amangomva kuti dikirani.

Mawu akuti dikirani opanda chifukwa ndi amene sindikufuna kuwazolowera. Munthu akauzidwa chenicheni amadziwa chochita: kuimbira womuchingamira ku Chileka, kudya, kumwa mankhwala ake.

Inu akwathu odzera kuno, pogula tikiti musasankhe yosiya ola limodzi lokha posinthira ndege. Maulendo onse akhale pa tikiti imodzi, mankhwala ndi chovala chosinthira zikhale m'chikwama cham'manja, ndipo ndege ikachedwa pitani pa geti mukafunse chifukwa chake.